Mphuno ya Nazimbiri

Amene munadutsako kuseri kwa Phalula mwezi wa Okutobala mukudziwa kuti kumeneko dzuwa silichita masewera. Mitsinje imasanduka misewu ya mchenga, mbuzi zimatafuna makatoni, ndipo mlendo akapempha madzi mwini nyumba amayamba wayang'ana kumwamba asanayankhe. Koma kumapeto kwa mudzi wina kunali khomo limodzi pamene mlendo ankamwa mpaka kugeya. Linali khomo la a Dafuleni ndi mkazi wawo Nazimbiri. Senderani pafupi, nkhani yawo si yokamba mokuwa.

Chuma chawo chinali pansi pa nthaka. A Dafuleni anali mmisiri wa njerwa pa unyamata wawo, ndipo atabwerera kumudzi anakumba chidzenje kuseri kwa nyumba, chakuya moti anthu awiri atasanjikizana wapamwambayo sakanaonekera. Anachiwaka ndi njerwa zootcha, n'kuchipaka simenti, pamwamba n'kusiya kakhomo kamodzi kotseka ndi chitsulo. Mvula ikagwa pa malata, madzi ankatsata ngalande za m'mphepete mwa denga n'kutsika ndi paipi mpaka m'thankimo. Dzinja likatha ankachotsa paipiyo, kutseka bowo lake, kugubuduzira mwala pa chitsekero, osakhudzanso mpaka zitsime za mumchenga zitauma. Poyamba anthu ankaseka, amvekere a Dafuleni adzikumbira manda akadali moyo. Chilimwe chitafika, osekawo anabwera ndi zigubu maso ali pansi.

Tsiku lotsegula thanki linali ndi mwambo wake, wa anthu awiri okha. Ankadzuka mbandakucha. A Dafuleni ankatsitsa ndowa n'kuthira madzi m'kapu yoyera yachitsulo, imene chaka chonse sinkagwira ntchito ina. Kuyesa madzi kunali patatu: diso, mphuno, lilime, ndipo lamulo linali lakuti lilime silidumpha mphuno. Diso linali la a Dafuleni. Ankapendeketsa kapu ija kum'mawa, kufunafuna ndere, matope kapena timphutsi ta udzudzu. Akakhutira ankapatsira Nazimbiri, amene ankatsinzina n'kununkhiza katatu. Iye akati, “Imwani,” m'pamene a Dafuleni ankalawa, ndipo mudzi wonse unkadziwa kuti madzi amenewo ungamwetse khanda osaphitsa.

Musaganize kuti anagawana ntchitoyi chifukwa cha chikondi chokha. Mphuno ya a Dafuleni inali yongokongoletsa nkhope. Inafa kalekale, zaka zimene ankapopera thonje popanda chotchinga kumaso, moti ndiwo zikamapserera iwo ankatha kukhala pambali pake akuimba nyimbo ya kwaya. Nazimbiri naye maso ake anali ndi nkhungu, munthu ankamuzindikira atafika kale pakhonde. Koma mphuno yake, abale inu! Ankamva fungo la mvula kutatsala masiku awiri.

“Bambo a Elube, mwadutsira kwa Nachanza lero,” ankatero mwamuna wake asanakhale n'komwe pansi. Kwa Nachanza n'kumene kunkatchezedwa kachasu.

“Ine? Lero? Ndikulumbira.”

“Ndiye dzulo. Talumbirani za dzulo timve.”

Anthu akati tsoka silinunkha, iye ankati limanunkha ndithu, anthu ndiwo safatsa. Ndipo chaka chilichonse pathanki paja ankawagwira amuna ake kumbuyo kwa khosi n'kuwakankhira nkhope m'kapu, amvekere, “Tayesani chaka chino, mwina yadzuka.” Zaka makumi atatu a Dafuleni ankayesa, zaka makumi atatu Nazimbiri ankaseka mpaka misozi. “Inu maso, ine mphuno,” ankatero popukuta misoziyo. “Tikaphatikizana ndiye tikukwana munthu mmodzi.”

Nazimbiri anamwalira mwezi wa Novembala, mvula isanagwe, atadwala masiku anayi okha. A Dafuleni anatsala theka la munthu. Mphaka wa malemuyo anachoka osatsazika, makoswe anachuluka mpaka ankachita misonkhano padenga masana, ndipo a Dafuleni anawagulira mankhwala akuda aja a pamsika. Chisoni ankachithawa ndi ntchito. Ankasesa, kulambula, kuzula chilichonse chooneka ngati chinyalala. Kuseri kwa thanki, pansi pa mtengo wa mandimu umene Nazimbiri anabzala, panali kapaipi kotulutsa madzi thanki ikasefukira. Kukamwa kwake anapezako kasanza kakuda kofumbwa. Anakazula n'kukaponya pamoto, akudandaula kuti ana a m'mudzi sasowa posewera.

Okutobala atafika, mwana wawo Elube anaimba foni kuchokera ku Blantyre. Anati akubwera Lachisanu ndi khanda lake la miyezi isanu ndi iwiri, limene agogo ake anali asanalionepo. Anali atalipatsa dzina la ubatizo la malemu amayi ake, Velina.

“Ababa, thanki ija mutsegule,” anatero Elube. “Ndikufuna Velina adzalawe madzi a kwawo.”

Lachitatu mbandakucha a Dafuleni anagubuduza mwala okha. Atatukula chitsulo, mpweya wozizira unawaomba kumaso monga mwa chaka chilichonse. Anatunga, anathira m'kapu, anapendeketsa kum'mawa. Madzi anali oyera mbee, pansi pa kapu pakuoneka ngakhale kachipsera kamene inapata itagwa chaka cha njala. Mwa chizolowezi anatambasula dzanja kumanzere kuti apereke kapu. Dzanjalo linakhala m'malere kanthawi ndithu lisanabwerere.

“Mphuno palibe, amake Elube,” anatero chapansipansi. “Chaka chino lilime lidumpha basi.”

Kapu itafika pamlomo, kumbuyo kwawo kunamveka kaphokoso.

“Mm-mm.”

Sanali mawu athunthu. Kanali kaphokoso kaja kamene Nazimbiri ankachitira m'mphuno a Dafuleni akafuna kuthira mchere wachiwiri m'ndiwo asanalawe. Anatembenuka msangamsanga, madzi n'kutayikira paphazi. Panalibe munthu. Panali mandimu okha, ndi nkhuku ziwiri zimene zinali zitasiya kupalasa, zonse zitayang'ana malo amodzi, pa kachitsa kamene Nazimbiri ankakhalira. Kenako imodzi inabwera pamene panatayikira madzi, inapendeketsa mutu, n'kubwerera chafutambuyo. Nkhuku ya ku Phalula kukana madzi mu Okutobala, munamvapo? A Dafuleni anaziona, koma maganizo awo anali pa kachitsa. Anatseka thanki n'kunena kuti ayesanso mawa.

Mawalo, Lachinayi, kapu panalibe pa msomali wake. Anafufuza m'khitchini, pansi pa bedi, ngakhale m'khola la mbuzi. Anakaipeza m'dengu la Nazimbiri, limene palibe analikhudza chichitikireni maliro, itavundikiridwa pansi pa duku lake lobiriwira. Atatuluka nayo panja anapeza ndowa itamangiriridwa kumtengo wa mandimu, ndipo atawerama kuti amasule, manja awo anaima okha.

Mfundo imeneyo ankaidziwa. Nazimbiri, posaona bwino, ankamanga ndi zala zokha, chingwe kuchipinda kawiri n'kuchilowetsa chakumbuyo. Palibe mbuzi imene inapulumukapo pa mfundo yake, ndipo palibenso munthu amene ankatha kuimasula. Mwini wake yekha ankangokoka nsonga imodzi, yonse n'kugwa.

Tisawanamizire kulimba mtima, mantha analipo. Tsitsi lochepa limene linawatsalira linaima, ndipo anangokhala pansi pafumbi. Koma atakhala pansipo anayamba kuseka, ndipo kusekako kunathera m'kulira. Pafupifupi chaka chathunthu chinali chitadutsa popanda munthu wowakaniza kanthu. Ankadya nthawi imene afuna, kuvala malaya ong'ambika, kuthira mchere kawiri, osamva ndi “mm-mm” yemwe. Ufulu umenewo ndiwo unkawapha.

“Mwabwera kudzandivuta, eti?” anatero akusisita mfundo ija. “Ndakumvani. Mukufuna ndidikire Elube kuti tidzatsegule tonse. Nsanje yanu simunaisiye kumanda.”

Dzuwa lili paliwombo, a Dafuleni ali pakhonde, panatulukira bambo wina wogulitsa usipa panjinga. Anadzera kanjira ka kuseri kwa nyumba, thukuta lili kamukamu.

“Odi pano! Agogo, tithandizeni madzi, kukhosi kwauma gwaa.”

A Dafuleni anamutungira otsala m'chigubu, a pachitsime cha mumchenga, ofiirira ngati tiyi wosathira mkaka. Munthu uja anamwa theka n'kupumira.

“Zikomo, agogo. Ndinayamba ndapempha kwa amayi ali kuseriko, koma angondipukusira mutu.”

“Amayi ake ati?”

“Akhala pa chitsulo cha thanki paja. Avala duku lobiriwira. Akuoneka kuti saona bwino, chifukwa ine ndili apa, iwo ayang'ana apo.”

A Dafuleni anacheukira kuseri. “Amenewo ndi akazi anga.”

“Ndi aukali?”

“Ayi. Amangodziwa zinthu.” Kenako anawonjezera, chifukwa sanali munthu wobisa mawu, “Tinawaika m'manda Novembala wathayu.”

Wausipa uja theka linalo sanamalize. Anaika chikho pansi mwaulemu wonse, anakankha njinga yake chothamanga mpaka kumsewu osaikwera, usipa ukuwazika m'njira monse. Nkhuku za pakhomopo zinadya bwino tsiku limenelo.

Liwiro limenelo ndilo linaitana a Gwirize, mnansi wawo komanso mnzawo wa pabawo. Atamva nkhani yonse, a Gwirize anatulutsa kabotolo ka fodya, anafwenkha mbali zonse ziwiri, n'kuweruza mlandu.

“Achimwene, chiliza. Chaka chikutha simunamange chiliza. Mlamu wanga akufuna simenti, si zina ayi.”

“Nazimbiri sanasamalepo za simenti. Koma poti mwabwera, tandibwerekani mphuno yanu.”

Anatunga ndi kachitini komangirira ku luzi, poti ndowa inali pa ukaidi. A Gwirize anayandikiza mphuno yawo yakuda bii ndi fodya, anakoka mpweya ngati ng'ombe, n'kugwedeza mutu mokhutira.

“Abwinobwino awa. Akununkhira ngati fodya.”

“Kwa inu ngakhale maluwa amanunkhira fodya. Talawani ndiye.”

“Ine?” A Gwirize anayang'ana kachitsa kaja, anayang'ananso mfundo. “Ndangokumbukira, mbuzi zanga zili padzuwa.”

Atatsala okha, a Dafuleni anagwada kuti atseke chitsulo, n'kusuzumira m'kati. Pansi patali, pakati pa mdima, panali kabwalo kowala, ndipo m'kabwalomo munali mutu wawo wadazi. Kumanzere kwake kunali mutu wina, waung'ono, womanga duku. Nkhope sinkaoneka, kuwala kunali kumbuyo kwake.

Sanatembenuke. Ankadziwa kuti akangocheuka apeza mandimu okha. Anakhalabe chogwada, akuyang'ana m'madzimo, n'kuyamba kufotokoza za pakhomo: mbuzi yaikazi ija inaswa awiri, denga la khitchini likudontha, Nachanza anakwatiwanso. Anamuuza kuti mdzukulu akubwera, ndipo ali ndi dzina lake. Pamenepo mutu wa duku uja unayamba kupukusika pang'onopang'ono, uku ndi uku. A Dafuleni anati mwina ndi madzi akugwedezeka, ngakhale kuti mutu wawo sunkagwedezeka nawo. Anacheza mpaka mawondo anachita dzanzi.

Lachisanu m'mawa anapita ndi chigubu kuchitsime cha mumchenga. Anapeza amayi atakhala mozungulira dzenje louma, wina akufukulabe ndi mbale mwina n'kupeza chinyontho. Chitsime chinali chitatha. Anabwerera ndi chigubu chikulira mphepo.

Elube anafika masana pa njinga ya kabaza, fumbi lili mbuu kumaso, mphuno itatsekeka ndi chimfine. Kumbuyo kwake khanda linkalira kulira kwa mwana wotopa, kosatulutsa misozi. Botolo la madzi linali litathera pa Zalewa. A Dafuleni analandira mdzukulu wawo ndi manja awiri. Kanali kamwana kamaso akuluakulu, milomo itauma, thupi likutentha ndi dzuwa la m'njira.

“Mkazi wanga wamng'ono,” anatero, monga agogo aamuna amatchulira adzukulu awo aakazi. “Wafika pa ukwati wako.”

“Ababa, moni tipatsana bwino,” anatero Elube ndi mawu a m'mphuno. “Madzi kaye. Mwanayu wayamwa mpaka ine ndauma.”

A Dafuleni anabweza mwana, anatenga kapu yoyera ndi mpeni, n'kuzungulira kuseri. Pa mandimu paja anaima.

“Pepani, amake Elube. Mwana ali ndi ludzu.”

Anadula chingwe pamwamba pa mfundo. Anadikira “mm-mm,” koma sanamve kanthu. Chimene anamva n'chakuti nyenje, zimene zinkalira m'mitengo yonse kuyambira m'mawa, zinangoti zii nthawi imodzi. Ndowa inatsika, inakhudza madzi popanda phokoso, inakwera yolemera. Anathira m'kapu n'kupendeketsa. Oyera mbee, ngati dzana. Elube anali atawatsatira, mwana ali pachifuwa, kasupuni kali m'manja.

“Tanunkhiza, mwana wanga,” anatero a Dafuleni. “Lamulo la mayi ako.”

“Ndi chimfine ichi? Ngakhale palafini sindingamumve. Patseni, ababa. Madzi a pakhomo pano ndinakulira omwewa, ndingawakayikire lero?”

Anatambasula dzanja. A Dafuleni nawo anatambasula lawo. Kapu inali pakati pa manja awiriwo pamene chinachake chinawagwira kumbuyo kwa khosi.

Linali dzanja laling'ono, lokhakhala ndi khasu, lozizira ngati langochoka m'madzi. Linawagwira pamalo pake penipeni, chala chachikulu kuseri kwa khutu, n'kukankha. Sikunali kukankha kwa masewera kwa zaka zonse zija. A Dafuleni anapindika mpaka mphuno inakhudza madzi, ndipo podzidzimuka anakoka mpweya.

Fungo linabwera.

Loyamba linali la utsi wa nkhuni za tsanya, mafuta a nsatsi, ndi masamba a mandimu ofikisa m'manja. Zaka makumi atatu anali asanamve fungo la mkazi wawo, koma analizindikira ngati mmene munthu amazindikirira njira ya kwawo. Misozi inangoti pwii. Akanakonda kuimira pomwepo mpaka kufa. Koma dzanja lija linakankhanso, ndipo kuseri kwa fungo lokomalo kunatulukira lina, lopyapyala, lobisala: fungo la chinthu chimene chinafa kale n'kusungunuka, ndipo pansi pake kafungo kowawa ka mankhwala.

Anaponya kapu kutali. Inagubuduka mpaka pa kachitsa kaja n'kuima chovundikira.

“Ababa! Mwatani?”

“Asamwe! Mwana asamwe! Iwenso usakhudze!”

Elube anabwerera m'mbuyo, koma maso ake sanali pa kapu. Anali pa kolala ya malaya a bambo ake, imene inali itakwinyika kumbuyo, yonyowa, ngati wina wangoisiya kumene. Ndipo Velina anali atasiya kulira. Ankayang'ana pamwamba pa phewa la agogo ake, pamene panalibe kanthu, akumwetulira, timanja tonse tiwiri titatambasuka.

“Amayi?” anatero Elube, mawu akutuluka theka.

Nyenje zinayambanso kulira.

A Gwirize atamva zimenezi, mantha ndi mantha, koma anali munthu. Anamangirira zigubu ziwiri panjinga n'kupalasa mpaka kumjigo wa kusukulu, ulendo wa ola lathunthu, ndipo pobwera Velina anamwa, Elube anamwa, onse anamwa. A Dafuleni anatenga tsamba la mandimu, analifikisa, n'kuliyandikiza kumphuno. Panalibe kanthu. Mphuno yobwereka ija inali itabwezedwa kwa mwini wake.

Dzuwa litapendeka anabwerera okha kuthanki n'kugwada. Mitu inali iwiri. Wa duku uja tsopano unali phee, osapukusika.

Apa m'pamene mtima wa a Dafuleni unachita zimene sanafune kuuza munthu kwa nthawi yaitali. Anazindikira kuti Nazimbiri sanabwerere chiliza, sanabwererenso macheza. Anabwerera madziwa. Madzi oipawa akachoka, nayenso ntchito yake yatha. Ndipo a Dafuleni anaganiza, thanki ndi yanga, mwala ndi wanga. Nditangotseka, osauza munthu, ndizibwera madzulo aliwonse kudzacheza, ndalakwira ndani?

“Amake Elube,” ananong'ona, “ndikawasiya chonchi madziwa, muzibwerabe?”

Kukhonde Velina anayetsemula kawiri. Chaka chamawa adzakhala akuyenda, akugwira chilichonse, akumwa chilichonse. Ndipo pafupi ndi khutu lawo lamanzere, chapansipansi ndithu, panamveka.

“Mm-mm.”

A Dafuleni anaseka misozi ikugwera m'thanki. “Chabwino, chabwino. Simunandilolepo chinthu chopusa muli moyo, mungayambe lero?”

Loweruka mudzi unabwera kudzakapa. Anakumba dzenje kutali ndi ziweto, anthu n'kundanda mzere, ndowa ikuyenda dzanja ndi dzanja. Kutaya madzi a chaka chathunthu mwezi wa Okutobala si chinthu chopepuka. Amayi ena ankayang'ana kumbali pothira, ndipo nkhalamba ina inalira poyera ngati pamaliro. A Dafuleni sanachoke pakamwa pa thanki. Ndowa iliyonse ankaikoka okha, ndipo isanatsikenso ankasuzumira. Madzi akamatsika, mitu iwiri ija inkapita kutali, ikucheperachepera.

Atatsala ofika m'akakolo, anamangirira koloboyi woyaka kuchingwe n'kumutsitsa, kuti aone ngati mpweya wa pansipo ungasunge munthu. Lawi linapendama koma silinazime. Anatsika ndi makwerero, ndipo m'ngodya, m'matope, anapeza zimene zinatsala za makoswe anayi. Khoswe akadya mankhwala amasaka madzi, aliyense amadziwa zimenezo. Chimene a Dafuleni sanamvetse n'chakuti analowera pati, thanki yotseka ndi chitsulo ndi mwala.

Elube anapita pansi pa mandimu, anagwada, n'kupisa zala m'kapaipi kotulutsa madzi osefukira.

“Ababa, kaneti kaja kali kuti?”

“Kaneti kanji?”

“Ka apa. Amayi ankadula chidutswa cha neti ya udzudzu n'kumanga pakamwa apa. Chaka ndi chaka, inu mukapita kokagulitsa thonje.”

A Dafuleni anakumbukira kasanza kakuda kaja kakupsa pamoto. Anatsamira mtengo.

“Zaka zonsezi? Bwanji sanandiuze?”

Elube anapukuta mphuno ndi nsonga ya chitenje, akuseka ndi kulira pamodzi. “Ankati musadziwe. Ankati mungachite manyazi kuti mmisiri wamkulu anaiwala bowo.”

A Gwirize anayamba kuseka, koma ataona nkhope ya mnzawo anafwenkha fodya m'malo mwake.

Ndowa yomaliza anaikoka a Dafuleni dzuwa likulowa m'mitengo. Pansi panatsala kadziwe kakang'ono ngati mbale. Anasuzumira nthawi yaitali, anasendera kumanja kuti asiye malo, anadikira. Mutu unali umodzi.

Anatsuka makoma ndi mankhwala oyeretsera madzi amene mlangizi wa zaumoyo anawapatsa. Kenako anadula chidutswa cha neti yawo yomwe, n'kukachimanga pa kapaipi kaja ndi luzi, mfundo zitatu zosanjikiza, zonyansa ngati za mwana wa sukulu. Atamaliza, a Gwirize anawakokera kwa Nachanza kuti akatsitse mtima, ndipo a Dafuleni sanakane. Panalibenso wowakaniza.

Lamulungu mbandakucha anadzuka monga mwa chizolowezi, anatenga mdzukulu wawo amene anali atadzuka kale, n'kuzungulira naye kuseri. Kachitsa kanali kachitsa chabe. Nkhuku zinkapalasa osayang'ana kulikonse. Anawerama kuti aone ntchito yawo ya dzulo, n'kuima chowerama chomwecho.

Mfundo zitatu zija panalibe. Panali imodzi, luzi lopinda kawiri n'kulowetsa chakumbuyo.

“Elube! Wamanganso ndiwe apa?”

“Ine?” Elube anayankha ali m'khitchini. “Mfundo ya amayi inandikanika ndili mtsikana, ndiitha lero?”

A Dafuleni anaikhudza ndi chala chimodzi, osakoka. Inali yolimba, yoti ikhala mpaka mvula idzagwe ndi kutha. Anadzuka pang'onopang'ono, anayang'ana kumanzere kwawo, n'kufunsa ngati munthu wofunsa mlendo amene wafika kale pamsewu.

“Ndiye mwapitadi?”

Velina anagwira malaya a agogo ake ndi timanja tonse tiwiri, anakwirira nkhope pachifuwa pawo, anatsinzina, n'kukoka mpweya katatu. Kenako anadzutsa mutu, kamphuno katakwinyika, n'kuwayang'ana m'maso.

“Mm-mm.”

A Dafuleni anamukumbatira mwanayo mpaka anadandaula.

“Lero ayi, ndikulumbira,” ananong'ona. “Dzulo.”